Nyanja Pabalaza

Galasi anadula ndi Che Anafi wa mazenera,
kuseri kwa msika, moyandikana ndi okhoma zidebe.
Anayeza kawiri, nandifunsa katatu:
"Mwati ndi ya nsomba, koma nsomba zosadya?"
Tinamata ngodya zonse ndi guluu wonunkha viniga,
thanki n'kugona pakhonde masiku anayi itadzaza madzi,
ine ndikudzuka usiku ndi tochi
kukasisita m'mphepete, kufunafuna dontho.

Mchere unabwera pa thiraki ya alamu anga a Jafali,
thumba limodzi, kuchokera ku Nacala,
pamodzi ndi miyala itatu yabowobowo
yokulungidwa m'matawulo onyowa,
ikununkha doko limene sindinalipondepo.
Nachuma atamva mtengo anakhala pansi.
"Mchere wa ndalama zonsezo,
wosathira ndi m'ndiwo momwe?"

Ine amene ndimayeza magazi a anthu kuchipatala chachikulu
dzanja losanjenjemera,
tsikulo sikelo inandiopsa.
Magalamu makumi atatu ndi asanu pa lita iliyonse.
Madzi a Mulunguzi, osefedwa pang'onopang'ono usiku wonse,
ozizira ngati atsika phiri lero lomwe,
ndinawatakasa m'ndowa ndi mthiko watsopano
mpaka mkaka wake unasanduka mbee.
Ndinanyambita chala.
Eti nyanja imakoma chonchi?

Kenako kudikira.
Palibe anandiuza kuti ntchito yaikulu ndi imeneyo.
Masabata asanu pampu ikung'ung'udza,
miyala itatu ili duu m'madzi opanda kanthu.
Anthu a ku Matawale ankabwera kudzaona,
n'kuwerama, n'kusuzumira, n'kudzuka mwaulemu.
"Zili kuseri kwa mwalako?"
Mai a nyumba yachitatu anandilonjeza matemba a ku Chilwa,
amoyo, aulere, kuti manyazi andichoke.

Ndinkati muli zamoyo, koma zosaoneka ndi maso,
zikudya uve, zikukonza malo.
Iwo ankagwedeza mutu ngati mmene amagwedezera
ndikawauza kuti malungo sanapezeke.

Sabata yachinayi ndere zofiirira zinakuta galasi.
Ndinati basi, ndawononga.
Upile, mwana wanga, ndiye anaona kanthu kena,
mphuno ataikanikiza pagalasi:
kanyongolotsi kokhala ndi nthenga kumutu,
kakutuluka pabowo, kakubwerera,
kakutulukanso.
Kanayenda ulendo wonse uja m'tawulo
osatiuza.

Korali woyamba anafika mu Juni, m'botolo la jamu,
wochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu,
wofota, wotuwa, ngati chingamu chotafuna kale.
Ndinamuika pamwala wapakati, pansi pa nyale yabuluu.
Usiku womwewo magetsi anazima.

Chiperoni chinali chitatsika phiri kuyambira masana.
Pampu zii. Chotenthetsera madzi zii.
Nachuma, uja wa mchere wosathira m'ndiwo,
anakoleza mbaula osalankhula,
nadzaza madzi otentha m'mabotolo a sobo,
tikuwayandamitsa m'thanki mmodzimmodzi.
Thankiyo tinaifunditsa bulangete lathu.
Ine ndi kapu, kutunga, kuthira, kutunga, kuthira,
kuti madzi apume,
phewa likuwotcha, miyendo itachita dzanzi pasimenti.
Cha m'ma thuu anandilanda kapu.
"Mukuthira ngati mukutsuka mbale. Patseni kuno."
Tinakhala mafunde ife awiri,
mosinthana, mpaka mzikiti wa ku Chinamwali unaitana.

Magetsi anabwera tiyi ali pamoto.
Pampu inatsokomola, n'kuyamba.
Tinavundukula bulangete pang'onopang'ono
ngati mmene amavundukulira wodwala.

Kachingamu kaja kanali katatseguka.
Timaso tisanu ndi tiwiri tobiriwira,
tili ndi timphonje m'mbali,
tikugwedezeka ndi madzi.
Upile anawerenga kawiri, napeza chimodzimodzi.

Nsomba sizinabwerebe, mwina mwezi wamawa.
Kope langa ladzaza manambala ndi madontho a mchere.
Nachuma akuti tiyambe tagula batire,
ndipo dzulo ndinamupeza yekha pabalaza,
nyale zonse zozima kupatula yabuluu ija,
nyemba zosankha zili pamiyendo,
sanasankhe ndi imodzi yomwe.